Sabata imene anatiphunzitsa kukhazika mtima pansi ku wodi ya ana

Sabata yathayi akuluakulu a chipatala chathu anaitana mayi wina wodziwa za uphungu kuti adzatiphunzitse njira yochepetsera nkhawa pantchito, imene ambiri akungoitchula kuti mindfulness. Lolemba masana anatikhazika m'chipinda chamisonkhano natiuza kuti titsinzine, tipondetse mapazi onse pansi, ndipo timvetsere mpweya pamene ukulowa ndi kutuluka, osalimbana ndi maganizo alionse obwera. Anafotokoza kuti amene anailowetsa m'zipatala njirayi ndi Jon Kabat-Zinn wa ku University of Massachusetts mu 1979, ndiponso kuti maphunziro ake enieni amatenga masabata 8. Ife tinapatsidwa ola limodzi lokha, ndipo anzathu a kuchikuta sanabwere n'komwe popeza panalibe wowasiyira odwala.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali zomwe aliyense wogwira ku wodi ya ana m'dzinja amadziwa: malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, ndi ana kugona awiriawiri pabedi.

Lachinayi usiku ndinatsala namwino ndekha, ndili ndi wophunzira mmodzi, chifukwa mnzanga amene amayenera kubwera pa lokamu, ntchito yoonjezera yolipidwa padera, anakana, ndipo sindimuda popeza ndalama za miyezi yapita sanalandirebe. Pakati pausiku anabweretsa mwana wa malungo aakulu, akukomoka, zikhatho zili mbuu. Ndisanaike n'komwe kanyula, kachubu kolowetsera mankhwala mumtsempha, magetsi anazima, jenereta sinalire, ndipo makina a okosijeni amene ankathandiza khanda la chibayo pabedi loyandikana anangoti zii. Ndinathamangitsa wophunzira uja kukafuna silinda ya okosijeni, ine n'kutsala ndi tochi ya foni imene agogo ake a mwanayo ankandiunikira nayo. Mitsempha inali itathawa, manja anga ankanjenjemera, ndipo agogowo ankangobwereza kuti, "Asisita, mwanayu akutisiya."

Apa m'pamene ndinachita zimene tinaphunzira zija. Ndinaponda pansi mwamphamvu, ndinakoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa mochedwerapo, maso ali padzanja la mwanayo basi, ndipo ndinati, "Agogo, gwirani tochiyo apa, musaisunthe." Manja anakhazikika, kanyula inalowa, ndinapereka shuga ndi mankhwala a malungo a artesunate, ndipo pofika m'bandakucha mwanayo anali atayamba kutsegula maso. Choncho amene amanena kuti kusinkhasinkha kotere ndi zachibwana sindigwirizana nawo, chifukwa ndinaona ndekha kuti munthu akachepetsa liwiro la mpweya, mtima nawo umaleka kuthamanga ndipo mutu umabwerera pa ntchito imene ili m'manja.

Koma khanda lija linamwalira. Silinda imene wophunzirayo anaipeza inali yopanda kanthu, ina inali yotsekeredwa m'chipinda chimene makiyi ake anapita nawo kunyumba, ndipo pamene dizilo wa jenereta amapezeka, mayi ake anali atayamba kale kulira pakhonde.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi msonkhano wa Lachisanu m'mawa. Nditapereka lipoti la usikuwo, mmodzi wa mabwana anati zimenezo aziona, kenaka anafunsa ngati tikumvera mawu otitsogolera posinkhasinkha amene anatitumizira pa WhatsApp, ati popeza anamwino ambiri tikuoneka okwiyakwiya masiku ano. Ndinayankha mwaulemu kuti, "Bwana, mawuwo ndamvera ndipo ndi othandiza, koma amene amasowa mpweya usiku uja sanali ine." M'chipindamo munangoti chete, ndipo a Matron anasintha nkhani.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti kutoperatu ndi ntchito kumachokera ku nkhawa yosatha ya kumalo antchito imene sinasamalidwe bwino. Kwa ine zimenezi zikuloza kwa amene amalemba ndandanda ya ntchito, ogula dizilo ndi osunga makiyi, osati kwa namwino yekha kuti adzikonze maganizo. Ndipitiriza kukhala phee mphindi zochepa ndisanalowe m'wodi, ndipo wophunzira uja, amene aka kanali koyamba kuona mwana akumwalira, ndamuonetsanso kachitidwe kake. Ndalembanso kalata yopempha kuti silinda yodzaza izikhala m'wodi mwathu momwemo usiku. Ndandanda ya sabata yamawa yatuluka Loweruka, ndipo pa shifiti iliyonse yausiku pali dzina la namwino mmodzi yekha.