Ulemu wanga wonse unathera pa mwana wa Sitandade 3

Geni yanga ndi ya usipa. Ndimapikula ku doko la Makawa ku Mangochi, kuyanika pa thandala, kenako matumba ulendo wa ku Limbe. Mwera ukayamba mu June, mfumu ya padoko ndi mwini chilimira, khoka logwirira usipa. Mabwato amalowa m'madzi mwa apo ndi apo, ndipo mwezi ukawala usipa sulabadiranso nyali za siginala zoukopera ku khoka. Tinsomba tikatuluka tochepa, mwini wake ndiye amaloza woti agule.

Madala ena a zilimira zitatu anandipatsa nambala yawo ya WhatsApp. Dzina ndibisa, nsomba ndikuzifunabe.

Pa WhatsApp munthu wandalama mumamudziwira kufupika kwa uthenga. Salonjera, ndipo zikomo kwa iye ndi kutaya nthawi. Pa gulu lathu la apadoko madalawo akangolemba kuti "mawa", tonse timagwa pansi: uyu "tamva bwana", uyo timanja topemphera mzere wathunthu. Mnzanga amene kwa ine amalemba kuti "aise uli kuti galu iwe" akafika kwa madala amatulutsa Chichewa choyankhulira pamaliro a mfumu. Tsiku lina madala analemba "uspa", kutacha gulu lonse likulemba uspa, ngakhale aphunzitsi opuma amene tili nawo m'gulumo.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuwalembera kumbali: "Wawa bambo. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mayi komanso banja lonse. Pepani kukusokonezani pa zochita zanu zambiri. Ndine mwana wanu wa ku Mpondasi. Ngati n'kotheka, mundiganizireko zigoba khumi za usipa."

Yankho: "ayi".

Ndinathokoza chifukwa cha ayi ameneyo. Kutacha ndinalonjeranso, kufunsa ndi za mbuzi zomwe. Yankho: "k". Kenako kunabwera kankhope kotulutsa lilime. Ndinaonetsa mayi a kunyumba, iwo n'kukayang'anitsitsa, amvekere: "Bambo a Chisomo, anthu olemera amaseka choncho. Limbikirani."

Ndinalimbikiradi. Ndili pa kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi ndinaona kuti madala ali pa intaneti. Ndinaimitsa njinga, kuvula chipewa, n'kujambula mawu nditawerama, wakabaza akundiyang'ana ngati ndadwala dzuwa. Timizere tinasanduka ta buluu nthawi yomweyo. Yankho: "gula bandulo". Ndinati eya, uku ndiye kuyesedwa kukhulupirika. Ndinagula pa Airtel Money, yamlungu wathunthu, n'kupepesa kuti yachepa.

Usipa osaoneka. Ndinadandaulira mlovi wina wa madalawo, mmodzi wa owasodzera, iye kuseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Akuti madala amayenda ndi kafoni kamabatani. Foni yaikuluyo imatsala kunyumba ndi mdzukulu wawo wa Sitandade 3, amaonerapo makatuni. Ndiye kuti ayi uja, lilime lija, ngakhale uspa amene anasintha kalembedwe ka aphunzitsi, zonse zinali za kamwana kosadziwa n'kupukuta mamina komwe.

Madzulo ake ndinalemba ndi chala chimodzi, mtima uli phuliphuli: "Iwe, siya foni ya eni ake. Wandidyera bandulo, wakuba iwe. Ndikakupeza makutu amenewo ndikoka."

Linali Lachisanu. Madala atachoka ku mzikiti sanapitenso kudoko, ndipo foni inali m'manja mwa mwini wake.

Panadutsa kanthawi ikungoonetsa kuti akulemba. Kenako uthenga wautali: "Zikomo kwambiri achimwene. Mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ngati ndakulakwirani. Makutuwa ndakhala nawo zaka zambiri, koma ngati mwawafuna ndili pakhomo mawa m'mawa. Kapena ndibwere ndine, kuti musavutike ndi ulendo?"

Abale, wolemera akakulembera mwaulemu, thukuta limatuluka ngakhale kukuwomba mwera. Ndinalakalaka "k" uja.

M'mawa ndinalawira ndi tambala kukhwapa. Ndinagwada pakhonde, kufotokoza zonse kuyambira pa mlatho. Madala anamvetsera osaphethira, analandira tambalayo, kumukweza m'manja kuyesa kulemera kwake, n'kunena kuti za zigoba tiona mwezi ukada. Ndikudzuka kuti ndizipita, kuseri kwa chitseko kunasuzumira kamutu.

"Amalume," kanatero, "bandulo ija yatha."