Linali thobwa, osati masese

Poti ena mwayamba kale kundipatsa moni wakuti "shabini ikutsegulidwa liti?", bola nkhaniyi ndiinene ndekha isanamere nyanga. Botolo la thobwa limene linandiphulikira m'minibasi linali limodzi, la malita 2. Amene akufalitsa za chigubu cha malita 20 m'minibasimo munalibe. Komanso palibe anakomoka. Bambo amene anakhala pafupi nane aja anangotseka maso nthawi yaitali.

Mlandu wonsewu ndi wa amake mapasa. Mukuwadziwa inu. Tayala lakutha limene ife timalilambalala m'mbali mwa msewu, iwo amaligubuduza mpaka kwawo, pakutha pa mwezi mwamera anyezi ndi mpiru. Tizidutswa ta zitenje timene atelala a pa Nsungwi amasesa madzulo, iwo amatola n'kusoka chikwama choti ungapite nacho ku ukwati osachibisa kunsi kwa mpando. Makala akakwera mtengo ife timangodandaula pa mpopi, iwo amanyika mapepala akale, kusakaniza ndi utuchi, kuumba mabuliketi n'kuyanika padenga. Keke amaphika pa mbaula, m'poto wothira mchenga pansi, makala ena pamwamba pa chivindikiro, ufa wake wosakaniza ndi mbatata yofiira mkati, koma amafufuma kuposa wa mu uvuni wanga umene ndinautenga pangongole. Ukawachezera amakupatsa juwisi wa chidede wofiira psuu, m'kapu yoti ajambulapo okha maluwa. Ndimawasirira, sindibisa. Ndikachoka kwawo n'kufika pakhonde panga, pamene pali tsache ndi njinga yakufa ya mwana basi, ndimadzifunsa kuti kodi manja angawa ndinapatsidwira chiyani.

Ndi iwowo anandiuza kuti, "Asisi, musayambe ndi zikuluzikulu. Sabata iliyonse muziyesa kanthu kamodzi katsopano, ka pakhomo pomwepa." Ndinabzala timbewu tonunkhira m'chitini, nkhuku za aneba zinathokoza. Ndinayesa kondowole, mthiko unathyokera m'poto. Ndiye ndinati thobwa lokha silingandikanike, poti ndinakula ndikuona agogo akuliphika pa chinkhoswe chilichonse cha m'mudzi mwathu. Kuona ndinkaonadi, ngakhale gawo langa linali la kumwa.

Chimera ndinapanga ndekha, ndipo apa pokha mundiombere m'manja. Mawere ndinagula pamsika, kuwanyika m'madzi, kuwafundika ndi thumba lonyowa mpaka timizu toyera titatuluka, kuyanika, kusinja. Ndinaphika phala la mgaiwa, kulidikira lizizire mpaka chala chizilowa osapsa, n'kuthira chimera chija. Phala lolimba lija linasungunuka maso anga akuona, n'kuyamba kutsekemera shuga ndisanathire. Ndinavina ndekha m'khitchini, chipande m'manja.

Tsono m'mawa mwake thobwa limafunika kuliwiritsanso, chifukwa moto wachiwiriwo ndi umene umaliletsa kupitiriza ulendo wa ku mowa. Amake mapasa ananena zimenezi, sindikukana. Koma tsikulo magetsi anathima, makala anali atatha, ndipo mabuliketi anga anali akadali phala padenga. Inuyo mukanatani? Ine ndinaganiza kuti munthu waluso sakhala pansi n'kumalira, amapeza njira ina. Ndinathiramo ufa wa malambe kuti lizimveka kuwawasa pang'ono, jinja wosinja, shuga wosaumira, ndi kasupuni ka yisiti wotsala wa mandasi kuti likhale ndi mphamvu. Paketi ya yisitiyo ndaiwerenga mbali zonse, palibe pamene analemba kuti osathira m'thobwa. Kenako ndinathira m'mabotolo awiri a pulasitiki, kumanga zotsekera ndi mphamvu zanga zonse kuopa nyerere, n'kuwaika pawindo. Mwezi wa Okutobala, ku Lilongwe kuno, nthawi imene ngakhale agalu amakana kuuwa masana.

Lachinayi kunali msonkhano wa amayi a mpingo wathu ku Kawale, ndipo anati aliyense abweretse kenakake. Ndinavala bulauzi yoyera yosita bwino, duku loyera. Ponyamula botolo ndinaona kuti silikuimanso lokha, kunsi kwake kwatukuka, lalimba gwa ngati mimba ya mbuzi yoba chimanga m'nkhokwe. Ndinangoti ndi kutenthaku. Ndinaliika m'chikwama chimene amake mapasa anandisokera, kuti amayi akaone zonse ziwiri pakamodzi n'kudziwa kuti nanenso ndasintha.

Minibasi ya ku Area 25 mukuidziwa, anayi-anayi pampando, mawondo kukhosi. Kumanzere kwanga kunali bambo a suti yakuda, magalasi m'maso, envelopu ya khaki atainyamula ndi manja awiri. Kumanja agogo aamuna a ndevu zoyera ndi ndodo yawo. Kumbuyo atsikana a sukulu ndi mayi wina wa nkhuku m'dengu. Dzenje lililonse la mumsewu botolo linkagwedezeka pamiyendo panga, ndipo titalowa mu M1 linayamba kulankhula. Tsiiii. Pang'onopang'ono, koma mosalekeza.

"Adala, tayala likuchoka mpweya," anatero kondakitala.

Dalaivala anaimika pa Kanengo, nkhokwe zazitali za chimanga zija zikuoneka apo. Anatsika, kumenya tayala lililonse ndi phazi, kugwada, kutchera khutu, kubwerera akupukusa mutu. Nthawi yonseyi ine ndili phee, dzanja m'chikwama, chala chitakanikiza chotsekera, maso ali kutsogolo. Atangoliza injini, tsiiii uja anayambiranso, tsopano mokweza. Bambo a suti anayang'ana chikwama changa, kenako ine. Apa m'pamene ndinaganiza zochita chifundo kwa anthu onse: ndimasule pang'ono chabe, mpweya utuluke mwaulemu. Ndinalitulutsa m'chikwama, kuliimika pakati pa mawondo, kupotokola chotsekera mwina theka la theka.

Phuu!

Chotsekera chinagunda denga n'kukatera m'dengu la nkhuku. Thobwa linachitsatira, mzati woongoka, linafika kudenga, linayala mbali zonse, kenako linayamba kubwerera. Sindinadziwe kuti malita 2 ndi ambiri chotero. Linafika pagalasi la dalaivala, linafika pa mabuku a atsikana aja, linalowa m'thumba la ndalama la kondakitala. Botolo litatha kulira, m'galimoto monse munangoti zii. Nkhuku yomwe inakhala chete. Kumangomveka tho, tho, tho, kuchokera kudenga.

Tsono dontho lija. Dontho limodzi lonenepa, lokhala ndi kakhungu ka mawere pakati, linatera pamphumi pa bambo a suti. Linatsika mosafulumira, kudutsa pakati pa magalasi, kutsetsereka pamphuno, n'kukaima pansonga penipeni. Bambowo manja onse ali pa envelopu, osatha kulipukuta, maso atatseka. Minibasi yonse inatembenuka kuyang'ana dontho. Dalaivala ankaliyang'anira pagalasi. Linatalika, tonse tinapuma m'kati. Bambowo anakoka mpweya, dontho linabwerera m'mwamba. Anatulutsa mpweya, linatalikanso, likugwedezeka, kakhungu kaja kakuzungulira m'katimo. Mmodzi wa atsikana aja ananong'ona kuti "ligwa", mnzake anati "siligwa". Ndikukhulupirira kuti likanakhala ndi nthawi anthu akanabetcherana ndalama. Ine ndinkapemphera kuti ligwere pa thalauza. Linasankha envelopu, pamene panalembedwa dzina.

Woyamba kulankhula anali agogo aja. Ananyambita ndevu zawo, kutafuna pang'ono, kuyang'ana kudenga.

"Mwanawe, chimera n'cha mawere ichi?"

"Eya, agogo."

"Dzanja uli nalo. Kungoti kwathu wotereyu timayamba tatumiza chipanda kwa amfumu."

"Ndi thobwa, agogo."

"Linali thobwa," anatero, n'kunyambitanso.

Apo ndiye anthu anaphulika nawo kuseka, kupatula awiri. Kondakitala anali akuwerenga ndalama zonyowa akuti, "Masteni, galimotoyi aitsuka ndani? Apolisi akatiimitsa kutsogoloku ati adalawa alawa." Bambo a suti anatsegula maso n'kunena mwaulemu woopsa kuti, "Mayi, ndili ndi intaviyu 2 koloko." Ndinavula duku n'kuyamba kuwapukuta, osadziwa kuti phala la mgaiwa pa suti yakuda ukalipukuta limayala, ndipo likauma limangoti mbuu. Anandigwira dzanja n'kuti, "Basi mayi, mwachita zokwanira." Ndinawapatsa ya kabaza ndi ya sopo, analandira. Ndipo pena tizinena zoona: suti yakuda, masana a Okutobala, m'minibasi, munthuyo anali atavutika kale ine ndisanamuthire kalikonse.

Kubwerera kunyumba kukanakhala kuvomera mlandu, choncho ku Kawale ndinapitabe. Ndinalowa mochedwa, nyimbo ili pakati, bulauzi yamawangamawanga, duku m'manja, botolo lopanda kanthu m'chikwama. Fungo linandiyambira kulowa. Amayi a pabenchi langa anasuntha mmodzimmodzi mpaka ndinakhala ndi malo ogona. Amayi abusa sananene kanthu, anangondigwira paphewa mwachikondi. Koma pofika pa pemphero lotsekera, anapempherera mvula, anapempherera odwala, kenako anakhazikika pa "alongo athu amene akulimbana ndi mayesero m'seri, amene pamaso pa anthu amavala zoyera". Anakhalapo nthawi. Ameni wake sindinamumvepo wamphamvu chotero chilowereni mumpingomo.

Amake mapasa nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala la anyezi. Atapukuta misozi anafunsa kuti, "Botololo simunataye? Tilidula pakati, tibzalamo tsabola." Mwaona mtundu wa munthu? Chikwama chija anachichapa okha, chinabwerera chatsopano, pamene bulauzi yanga mpaka lero ili m'beseni. Akuti sabata yamawa andiphunzitsa kupanga sopo, koma bambo a kunyumba atamva kuti mumalowa soda wowotcha manja uja anangoti ndidikire kaye ana apite kutchuthi kumudzi.

Botolo lachiwiri lija bambo a kunyumbawo analinyamula ndi fosholo, manja atatambasula, n'kukaliika kuseri kwa bafa, kulivindikira ndowa, njerwa ziwiri pamwamba. Ana akuzungulira njira ina popita kukataya zinyalala. Dzulo mlonda wa aneba wandiimitsa pageti kufunsa ngati ndikugulitsa pa kapu kapena lonse.