Zimene zidindo zinasiya pa masenti akale a ku America

Ndakhala madzulo ambiri ndikuyang'ana senti imodzi ya mkuwa ya 1794 ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo chimene chimandikoka mtima n'chakuti pa nthawiyo, ku nyumba yosulira ndalama ya ku Philadelphia, zilembo, manambala ndi masamba ambiri ankazikhomerera pamanja pa chidindo chilichonse, motero panalibe zidindo ziwiri zofanana ndendende. Nambala ikapendekeka pang'ono, tsamba likayandikira chilembo, kapena chidindo chikachita mng'alu umene unadinda mzere wotumphuka pa ndalama, pamenepo m'pamene pamadziwikira mtundu wake.

William Sheldon, katswiri wa masenti akale a ku America, anasanja mitundu ya masenti a 1793 mpaka 1814 ndi kuipatsa manambala, kuyambira S-1 kukafika S-295. S-1 ndi senti ya 1793 yokhala ndi chithunzi cha unyolo kumbuyo kwake, imene dzina la dzikolo linadulidwa kukhala AMERI. Koma imene ndimaisirira kwambiri ndi S-48 ya 1794, yokhala ndi tinyenyezi 94 tobisika m'mphepete mwa kumbuyo kwake.

Kuyeza ubwino wa ndalama ndiko kumafuna kudekha. Muyeso wa 1 mpaka 70, womwe Sheldon anaufalitsa mu 1949, umayang'ana kwambiri kuperepeseka, pamene mkuwa umavutikanso ndi dzimbiri, zipsera ndiponso kutsukidwa mosasamala. N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi njira ya bungwe la osonkhanitsa ndalama zakale za mkuwa lotchedwa Early American Coppers, yoyamba yaona kuthwa kwa zilembo ndi tsitsi la mkazi wojambulidwa pa ndalamayo, kenako n'kutsitsa muyeso malinga ndi chilema chilichonse. Kwa ine, senti yoperepeseka koma yosalala, ya mtundu wa chokoleti, imaposa yakuthwa imene dzimbiri linaidya.