Manja a mayi uja ndinkawachepetsa osadziwa

Dzulo usiku ndamaliza kukopera chithunzi china chake kachisanu, ndipo aka ndi koyamba kuchiyang'ana osachita manyazi. Ndi cha mayi atasenza ndowa, mwana kumbuyo. Ndinachigula kwa anyamata ogulitsa ziboliboli panjira yokwera phiri la Zomba, kufupi ndi Ku Chawe. Kajambulidwe kake ndi ka Tingatinga, kochokera ku Tanzania: mitundu yowala, mizere yakuda m'mbali, popanda mthunzi. Umayamba ndi penti wakumbuyo n'kudikira aume.

Vuto linali ine. Manja a mayiyo ndi aakulu kuposa nkhope, mapazi onse awiri aloza kumanzere pomwe chifuwa chayang'ana kuno, ndipo kukamwa kwa ndowa kukuoneka ngati waima pamwamba pake. Maulendo anayi onse ndinkangomukonza wojambulayo mwakachetechete. Dzanja kuchepetsa, phazi kuwongola, kamthunzi pansi pa chibwano. Chotuluka chinali cholongosoka bwinobwino, koma chozizira ngati nsima ya dzulo.

Kenako, chifukwa chotopa basi, ndinachiimika chadodolido. Mayi uja anasowa. Panatsala chinthu chofiira chachitali, chachikasu chozungulira, ndi kampata kobiriwira pakati pa mkono ndi khosi. Ndinajambula kampatako, osati mkono, ndipo mkono unadzibweretsa wokha, waukulu momwe ulili. Nditachitembenuzanso ndi pomwe ndinaona: diso limayambira pa manja, likwere ku ndowa, litsikire kwa mwana. Ukachepetsa manjawo diso limasowa poyambira. Wojambulayu sanalephere kuyeza ayi, anakuza chimene chikugwira ntchito. Manja a mayi wotunga madzi akhale aang'ono chifukwa chiyani?

Panopa chilichonse ndikuchitembenuza, ngakhale kalendala ya pakhoma. Mnzanga wina amene akuphunzira zaluso ku yunivesite ku Chirunga anandiseka kuti imeneyi ndi njira yakalekale ya ongoyamba kumene. Aseke. Ine ndikuti mutapatsa munthu aliyense hadibodi, burashi ndi chithunzi chadodolido, sabata imodzi yakwana.

Chimene chikundiwawa ndi zaka zomwe ndinataya. Aphunzitsi athu kusekondale ankayenda ndi rula, ati mutu ulowe m'thupi ka 7 ndi theka, ukaphonya cholembera chofiira. Sanatiuzepo za Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba mu 1968 ku Dar es Salaam ndi penti wa njinga pa timahadibodi, n'kumwalira mu 1972, zaka zinayi zokha koma dzina lake likugulitsabe zithunzi mpaka kuno. Kapena Henri Rousseau, wotolera msonkho ku Paris amene ankajambula nkhalango asanatulukepo mu France. Ine ndinasiya kujambula ndili Fomu 2 poganiza kuti ndilibe dzanja. Ndiye nthawi nayonso. Masana ndili kuntchito, ndipo penti wa oilo m'chiperoni cha kuno amatha masiku awiri akumatabe zala. Magetsi akazima, chofiira pa kandulo chimaoneka ngati dothi, m'mawa ukapeze wapaka zina.

Koma kaya ndaphunzira kujambula kapena kukopera chabe. Loweruka ndinayesa kujambula agogo ena ogulitsa mbatata mumsika wa Zomba, kuchokera m'mutu. Ndikuze chiyani, manja, maso, kapena mulu wa mbatatawo? Agogowo sindingawaimike chadodolido. Hadibodi ili apo yotsamira khoma, ndangopakapo buluu wakumbuyo, ndipo wauma kale.