Mmene ndinaphunzirira kusiyanitsa -march ndi -mtune

Ndili ndi kapulogalamu ka C kochepetsa kukula kwa zithunzi, ndipo kankandichedwetsa kwambiri. Ndinkakakonza ndi gcc -O3 basi (GCC ndi pulogalamu yosandutsa kodi ya C kukhala malangizo a purosesa, ndipo -O3 imaiuza kuti ifulumizitse kodiyo kwambiri). Tsiku lina ndinawonjezera -march=native pa laputopu yanga, kanayamba kuthamanga moti ndinadzitama ndekha. Nditakopera fayilo yomweyo pa kompyuta yakale imene ndimasungirapo zithunzi, kanafa kasanayambe n'komwe, n'kungosiya mawu awiri pa sikirini: Illegal instruction.

Apa m'pamene ndinakhala pansi. Ndinalemba lscpu, lamulo loonetsa zambiri za purosesa, pa makina onse awiri n'kuyang'ana mzere wa flags, umene umatchula malangizo amene purosesa imadziwa. Laputopu ili ndi avx2, gulu la malangizo owerengera manambala ambiri nthawi imodzi, yakaleyo ilibe. Purosesa yake ndi ya banja la Sandy Bridge la mu 2011, pomwe AVX2 inabwera ndi Haswell mu 2013. Ndiye kuti native ija inauza GCC kuti igwiritse ntchito malangizo onse amene laputopuyo imadziwa, osalabadira kumene pulogalamuyo ikapite mawa.

Kusiyana kumene ndinkakuphonya ndi uku. Ndi -march mumasankha malangizo ololedwa, ndipo purosesa yosawadziwa imangokana. Koma -mtune sibweretsa langizo lachilendo ayi, imangosanja omwe alipo kale m'njira yokomera banja limene mwalitchula. Choncho ndinakonzanso ndi -march=x86-64-v2 -mtune=haswell, ndipo dziwani kuti mayina a v2, v3 ndi v4 amenewa, omwe ndi milingo ya malangizo kuyambira ochepa kupita ochuluka, amafuna GCC 11 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Kanayenda pa makina onse awiri, koma liwiro lija linabwerera m'mbuyo.

Sindinafune kulitaya. Nditafufuza ndi perf, chida choyezera pamene pulogalamu ikuthera nthawi, ndinapeza kuti nthawi yambiri ikuthera mu function (kachigawo ka kodi) imodzi yokha, yosakaniza mitundu ya timadontho ta chithunzi. Nditaika -fopt-info-vec, GCC inanena yokha kuti lupu yake (mbali ya kodi yobwerezabwereza) ikunyamula ma byte 16 nthawi imodzi, pomwe ndi AVX2 inkanyamula 32. Pamwamba pa function imeneyo ndinalembapo __attribute__((target_clones("avx2","default"))). Zikatero GCC imapanga mitundu iwiri ya function yomweyo, ndipo pulogalamu ikamayamba imayang'ana purosesa n'kusankha woyenera. Pa Linux yokhala ndi glibc, laibulale ya C ya GNU, zinatheka popanda vuto.

Fayilo inakula pang'ono, zomwe sindinadandaule nazo. Ndinaikopera pa kompyuta yakale ija mtima uli m'mwamba, n'kudina Enter. Zithunzi zinayamba kutuluka chimodzi pambuyo pa chinzake.