Query ikayamba kuchedwa mwadzidzidzi pa PostgreSQL

Dzulo query (lamulo la SQL lopita ku database ya PostgreSQL) imatha m'kanthawi kochepa, lero ikutenga masekondi 30, pomwe code simunaigwire n'komwe. Chonde musathamangire kuzimitsa ndi kuyatsanso seva. Mukatero mufufuta umboni, ndipo cache iyambanso yopanda kanthu.

Choyamba dziwani ngati query ikugwira ntchito kapena ikungodikira. Yang'anani mu pg_stat_activity, mndandanda woonetsa zomwe session (kulumikizana ndi database) iliyonse ikuchita. Ngati wait_event_type ikunena Lock, ndiye kuti wina wagwira mzere kapena tebulo, ndipo pg_blocking_pids(pid) ikuuzani kuti ndi ndani. Nthawi zambiri imakhala session yomwe ili "idle in transaction", kutanthauza kuti pulogalamu inayamba ntchito ndi BEGIN koma sinafike pa COMMIT yoitsekera. Session yotere imalepheretsanso VACUUM, lamulo loyeretsa matebulo, kuchotsa mizere yakufa yotsala pambuyo pa UPDATE ndi DELETE.

Ngati palibe wodikira mnzake, yendetsani EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS), lamulo loonetsa njira imene query ikutsata. Samalani, lamuloli limayendetsadi query, choncho UPDATE kapena DELETE muiike pakati pa BEGIN ndi ROLLBACK kuti zosinthazo zisasungidwe. Pa node (sitepe) iliyonse pali manambala awiri a rows (mizere): imene planner, gawo losankha njira yoyendetsera query, inayembekezera ndi imene yapezekadi. Mukaona rows=12 kumanzere, koma actual rows=480000 kumanja, mwalipeza vuto. Planner inasankha Nested Loop, njira yobwereza kufufuza pa mzere uliwonse, poganiza kuti izungulira ka 12 kokha, koma ikuzungulira ka 480,000.

Gwero lake kawirikawiri ndi statistics (ziwerengero za tebulo zimene planner imadalira) zakale, ndipo apa ndi pamene ambiri sayang'ana. Autovacuum, yomwe imasamalira matebulo yokha, imachita ANALYZE (lamulo losonkhanitsa statistics zatsopano) pokhapokha mizere yosintha ikapitirira 50 kuphatikiza 10 peresenti ya tebulo. Pa tebulo la malipiro la mizere 20 miliyoni, imadikira kuti isinthe yoposa 2 miliyoni. Mukalowetsa usiku mizere 480,000 ya status = 'pending', simunafike pamlingowo, ndiye planner ikuganizabe kuti ma pending ndi ochepa ngati kale. Onani last_autoanalyze mu pg_stat_user_tables, kenako yendetsani ANALYZE malipiro, n'kuyesanso. Kuti zisabwerenso, tsitsani mlingo pa tebulo lokhalo: ALTER TABLE malipiro SET (autovacuum_analyze_scale_factor = 0.01);

Ngati mwangosamutsa database ndi pg_upgrade ya version 17 kapena yakale kuposa apo, statistics sizinabwere nawo. Yendetsani vacuumdb --all --analyze-in-stages anthu asanayambe ntchito.

Manambala akamagwirizana koma query n'kumachedwabe, fufuzani mawu akuti "external merge Disk" pa Sort. Akutanthauza kuti data yakula kuposa work_mem (RAM yololedwa posanja), yomwe imabwera ili 4MB, ndipo kusanja kukuchitikira pa disiki. Kwezani work_mem pa session imodzi, mwachitsanzo SET work_mem = '64MB', osati pa seva yonse, chifukwa sort iliyonse pa connection iliyonse imatenga gawo lakelake ndipo RAM itha kukutherani.

Index (kalozera wofulumizitsa kupeza mizere) yatsopano muiganizire pomaliza, ndipo pa tebulo lotanganidwa muipange ndi CREATE INDEX CONCURRENTLY kuti INSERT ndi UPDATE zisaime.