Laputopu ya ku Mangochi ndi mlonda amene anatsala pang'ono kuilipira

Sabata ino ndimayenera kungomaliza kaundula watsopano wa katundu wa kampani. M'malo mwake ndathera masiku atatu ndikuyeretsa dzina la mlonda wa ku nthambi yathu ya ku Mangochi, ndipo mpaka pano mtima sunatsike.

Anzanga a IT, ife oyang'anira makompyuta, mukudziwa kale mmene zimakhalira. Tili ndi nthambi kuyambira ku Karonga mpaka ku Nchalo, ndipo malaputopu, mapulinta, mafoni, majenereta ndi njinga zamoto, zonse zimalembedwa mu Excel, pulogalamu ya pakompyuta yosungira mindandanda. Vuto lake nthambi iliyonse ili ndi fayilo yakeyake, ndipo ija imene a akaunti amaonetsa maoditala (ofufuza za chuma cha kampani) ndi inanso. Lolemba ndinawaphatikiza mafayilowo. Jenereta imodzi ndinaipeza ili ku Kasungu komanso ku Mzuzu tsiku lomwelo. Ma IMEI a mafoni, manambala 15 aja ozindikirira foni iliyonse, Excel inawafupikitsa kukhala 3.5E+14, wina n'kusunga fayiloyo ngati CSV (mtundu wa fayilo wosunga zokhazo zimene zikuoneka), manambala enieni n'kupita osabwerera. Pamalo polemba serial number, nambala ya kufakitale ya chinthucho, wina analembapo kuti "yakuda". Ndinaseka ndekha n'kupitiriza.

Lachiwiri kuseka kunatha. A HR, oona za ogwira ntchito, ananditumizira imelo yofunsa mtengo wa laputopu yatsopano ya Dell. Ndinayesa akufuna kugula, koma nditawerenga mpaka pansi ndinapeza kuti laputopu ina inasowa ku Mangochi, mlonda wausiku anamuimitsa ntchito masabata atatu apitawo, ndipo mtengowo akufuna azimudula pa malipiro ake mwezi ndi mwezi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zimenezi mukuidziwa. Bambo ameneyu ngakhale atagwira chaka chathunthu osagula ufa, ngongoleyo singathe. Umboni wake? Palibe chitseko chothyoledwa, palibe zenera losweka, ndiye akuti wakuba ndi amene amasunga makiyi a pageti.

Ndinatsikira ku stolo n'kufukula invoice ya ogulitsa, chifukwa mu Excel ya ku Mangochi munangolembedwa "laputopu 1". Dell iliyonse imakhala ndi service tag, nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala 7. Nditaipeza ndinatsegula pulogalamu yoyang'anira antivirus (chitetezo cha makompyuta ku mavairasi), imene imasonyeza nthawi yomwe kompyuta iliyonse inalumikizana komaliza. Laputopu yobedwayo inali italumikizana dzulo lake cha m'ma 9 koloko usiku, pa intaneti ya m'nyumba ya munthu, ndipo amene analowamo anagwiritsa ntchito akaunti ya mmodzi wa mabwana athu a kulikulu kuno ku Lilongwe.

Ndinaimbira a manijala a ku Mangochi. Anayamba akhala chete, kenako anati, "Aaa, achimwene, ija anatenga abwana atabwera ku msonkhano kunyanja kuno. Anati yawo yavuta, abweza Lolemba." Ndinafunsa kuti Lolemba lake liti. Miyezi inayi yapitayo. Ndinafunsa ngati analemba penapake. "Ine ndingawauze abwana kuti asaine?" Nanga owerenga katundu atabwera, mlonda akuimitsidwa inu mukuona, bwanji simunanene? Anangoti, "Ndili ndi ana, achimwene." Ndinakanika kuwakalipira. Mantha amenewo ndikuwadziwa, nanenso ndinakhala theka la ola ndikuyang'ana sikirini ndisanadzuke pampando.

Lachitatu ndinagogoda pa chitseko cha abwanawo nditanyamula pepala losindikiza. Anayang'ana n'kuti, "O, ija? Ndinaiwala, mwana akulemberapo zakusukulu." Basi. Sanafunse n'komwe kuti ndani wavutika nayo. Lachinayi dalaivala anabwera nayo itamatidwa masitika a zidole pamwamba. A HR anaimbira mlonda uja kumuuza kuti abwerere, nkhani yatha. Kupepesa ayi, za malipiro a masabata atatu aja akuti aziona. Koma kwawo uko anthu anamva kale kuti anamuchotsa chifukwa cha kuba, ndipo foni imodzi ya a HR siifufuta zimenezo. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kuno zadya wamkulu, m'mimba mwapota mlonda.

Usiku womwewo ndinagwetsa theka la zomwe ndinamanga m'kaundula watsopano uja. Poyamba katundu aliyense anali ndi kabokosi ka "malo", komwe munthu amangosintha Mangochi n'kulemba Lilongwe. Ndakachotsa. Tsopano kusuntha kulikonse ndi mzere wakewake wosafufutika: wapereka ndani, walandira ndani, tsiku liti. Wopereka amajambula ndi foni QR code, kachizindikiro ka timadontho komatidwa pa katunduyo, katunduyo n'kukhala "ali m'njira" koma ali m'dzina lake, mpaka wolandira naye atajambula. Pakadutsa masiku atatu wolandira ali zii, imelo imapita yokha kwa onse awiri ndi kwa oditala wa m'kampani. Kubwereka kulinso ndi tsiku lobweza, moti "ndibweza Lolemba" izikhala ndi deti. Ndasiyanso zija zoika dzina la nthambi m'nambala ya katundu, chifukwa chinthu chikasamuka nambalayo imayamba kunama, anthu n'kumata ina pamwamba, ndi mmene jenereta ija inakhalira iwiri. Nambala imodzi kuyambira tsiku logula mpaka tsiku lotaya, ndipo siipatsidwanso chinthu china.

Zina ndi zazing'ono koma zandidyera tulo. Magetsi akazima kapena netiweki ikathawa, foni iyenera kusunga zomwe yajambula n'kutumiza ikabwera. Masitika apepala pa jenereta sakhala mwezi, kutentha kwa ku Nchalo ndi oyilo zimawamatula, ndiye pa zitsulo nambalayo tiziilemba mogoba. Ndipo pageti mlonda azitha kujambula chinthu chomwe chikutuluka, foni n'kumuuza ngati chaloledwa. Asamadalire nkhope ya wonyamulayo.

Lachisanu ndinaonetsa mabwana. Anaombera m'manja pa tsamba losonyeza katundu yense ndi mtengo wake, poti maoditala asiya kuwavutitsa. Ndalama ya kamakina kosindikizira masitika olimba akuti palibe. Mafuta opitira ku Karonga akuti ndidikire galimoto ikamapita ndi zina. Koma ya GPS, timakina tosonyeza komwe chinthu chili, yoika pa njinga zamoto za anyamata oyenda m'midzi anati ipezeka mwezi uno, poti amenewo ndiye osakhulupirika. Kenako mayi wina mwa iwo anafunsa mwaulemu kuti ndiike kabatani koti akuluakulu azitha kutenga katundu osajambula, chifukwa sangamaime pageti ngati ana asukulu. Abwana a laputopu aja anali pompo, akugwedeza mutu kuvomereza.

Ndinayankha kuti katundu amene wasowa chaka chino n'kumupeza, sanatengedwe ndi mlonda kapena mnyamata wa njinga. M'chipindamo munangoti zii. Ndinawonjeza kuti kabataniko ndikaika pokhapokha atandilembera imelo yondilamula, kopi kwa oditala. Anati tikambirananso. Mpaka ndimaweruka imelo inali isanabwere, ndipo sindikuganiza kuti pali amene angafune dzina lake pansi pa mawu amenewo, ngakhale ndikudziwa kuti nkhope yanga aiona.

Lolemba ndikwera basi ya ku Mangochi ndi masitika omwe ndagula ndi ndalama yanga. Ndawauza kale a manijala kuti maphunziro tiyambira pageti madzulo, mlonda uja akafika, ndipo iwonso akakhalepo.